Eyakoni ikununkha chinyontho, mkati mwake mwada: ndiyambire pati?

Make Tadala, Mangochi

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Tikukhala m'nyumba ya lendi kuno ku Mangochi, chakufupi ndi mtsinje wa Shire, ndipo kuchipinda chogona kuli eyakoni imene tinaipeza momwemo, ija ya zigawo ziwiri, china pakhoma m'nyumba, china panja. Pambali pake analembapo 18000 BTU, nambala yosonyeza mphamvu yake yoziziritsa. Chipindacho n'chaching'ono, bedi, wadilopu ndi kabedi ka mwana basi chadzaza. Mu Okutobala ndi Novembala inatipulumutsa, amene anagonapo kuno miyezi imeneyo akudziwa zimene ndikunena.

Vuto layamba mvula itakhazikika. Ukangoyatsa, mphepo yoyamba ikumatuluka ndi fungo ngati la thaulo lonyowa limene laiwalika m'beseni. Dzulo ndinakwera pampando ndi tochi ya foni n'kusuzumira pomwe pamatulukira mphepo paja. Kachitseko koyendayenda kaja kali ndi timadontho takuda tokhatokha, ndipo mkatikati muli chinthu chachitali chozungulira, cha timapiko tambirimbiri, timapikoto tamera ubweya wotuwa. Pansi pa makinawo penti yapakhoma yayamba kufufuma, nthawi zina madzi akumadontha pa katani.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mwana. Ali ndi zaka zinayi, amadwala mphumu, ndiye masiku ano akumadzuka akuyetsemula, mphuno zitatseka. Bambo ake akuti n'chimfine cha nyengo ya mvula. Iwowo amakonda kuika eyakoniyo pa madigiri 16, ati kuti chipinda chizizire msanga, m'mawa tikamapita kuntchito timangozimitsa, kutseka mawindo, kukhoma chitseko, ulendo. Ndayesa kupopera mankhwala onunkhiritsa m'nyumba aja koma fungo likungosakanikirana, kuipiraipira. Eni nyumba nditawaimbira anangoti "mwina gasi watha, itanani munthu awonjezere."

Kodi imeneyi ndi nkhungu? Ndingaichotse ndekha kapena mpaka mmisiri? Nanga ndizitani kuti isamabwerenso?

Mjomba wa ku Zomba

Achemwali musavutike, imeneyo ndi nkhungu basi. Sungunulani Jik m'madzi, ikani m'botolo lopopera, mupopere mkati monsemo mpaka zinyowe. Mukafuna kuti agwire bwino thiranimo ndi viniga. Kubafa kwathu timatero, makoma amayera mbee.

Wamafiriji, Ndirande

A mjomba, pepani ndikutsutseni pang'ono, chifukwa apa pakhoza kuvulala munthu. Jik ndi viniga sasakanizidwa. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine, umawotcha m'maso ndi m'chifuwa, ndiye m'chipinda chotseka momwe mumagona mwana wa mphumu, ayi ndithu. Ngakhale Jik payekha mu eyakoni musapopere. Timalata tating'onoting'ono ta mkatimo ndi ta aluminiyamu, mapaipi ake ndi a kopa, Jik amazidya zimenezi. Lero ziyera, koma koyilo, ndiye kuti mapaipi ndi timalata timeneti, ikadzabooka gasi n'kuthawa, mtengo wake mudzaukumbuka. Pa matailosi a kubafa palibe vuto, pitirizani.

Mayi a Tadala, ine ntchito yanga ndi imeneyi, mafiriji ndi maeyakoni. Ndiyambe ndi za gasi. Gasi wa mu eyakoni satha ngati wophikira, amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti penapake pakutayika, ndipo chizindikiro chake n'chakuti makina sakuziziritsa kapena akuchita ayezi. Yanuyo mwati ikuziziritsa bwinobwino, ndiye fungolo ndi gasi palibe ubale. Munthu akabwera ndi silinda n'kuyamba kumangirira mapaipi asanatsegule n'komwe chigawo cha m'nyumba, ndalama yanu yapita koma fungo latsala.

Chimachitika ndi ichi. Chigawo cha pakhomacho sichikoka mpweya kunja ngati mmene ambiri amaganizira. Chimayamwa mpweya wa m'chipinda momwemo kudzera pamwamba, n'kuudutsitsa pa koyilo yozizira kwambiri, kenako fani yaitali ija mwaiona n'kuukankhira kunja. Mpweya wa chinyontho ukagunda chitsulo chozizira umasiyapo madzi. Nyengo ino, malo ngati kwanuko, makina apakatikati amatha kutulutsa lita imodzi kapena kuposerapo pa ola. Madziwo amatsikira m'kangalande ka pulasitiki kamene kali pansi pa koyilo, n'kutuluka panja ndi paipi. Ndiye mkati mwa eyakoni yogwira ntchito mumakhala monyowa nthawi zonse, si kuwonongeka, anaipanga choncho. Onjezanipo fumbi, ubweya wa mabulangeti, ufa wodzola wa mwana, zimene zadutsa pa fyuluta n'kumata pa fani. Chakudya chilipo, madzi alipo, mdima ulipo. Inu mukazimitsa m'mawa, kachitseko kamatseka, mkatimo n'kuyamba kufunda muli chinyowere mpaka madzulo. Nkhungu imafuna tsiku limodzi kapena awiri okha pamalo onyowa kuti igwire.

Koma chimene chandigwira mtima m'mawu anu ndi penti yofufuma ija ndi madzi a pakatani. Pamenepo paipi yotulutsa madzi yatseka kapena sinapendekeke bwino. Yatsani makina, mudikire kanthawi, mupite panja mukaone kumene paipiyo imathera. Ikuyenera kumadontha mosalekeza. Ikakhala youma pamene m'nyumba mukuzizira, madzi akuima m'kangalande kaja, ndipo fungo lenileni likuchokera mmenemo. Zimene ndimapeza m'mapaipi amenewa simungakhulupirire: zonanda zoterera zangati ndere, mphemvu zakufa, nalimata, ndipo kawirikawiri mavu aja omanga ndi dothi amamata kukamwa kwa paipi m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene makina sakugwira ntchito. Ena oika makina amasiyanso paipi itapindikira m'mwamba penapake, kapena kumapeto kwake kutamira m'chidebe cha madzi. Paipi imafunika kutsetsereka kuyambira pakhoma mpaka pothera, kukamwa kwake kuli pamtetete. Ndinapezapo ina atailowetsa m'paipi ya kuchimbudzi, eni ake akudabwa kuti fungo likuchokera kuti.

Zimene mungachite nokha ndi izi. Zimitsani pa swichi ya pakhoma kapena pa meni, osati pa rimoti pokha. Mwana atuluke, mawindo mutsegule, muvale masiki. Kwezani chivindikiro cha kutsogolo, muona mafyuluta awiri a ukonde, amangosololoka. Atsukeni panja ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, muwaumike pamthunzi mpaka aume gwa, chifukwa dzuwa la kwanuko limapinda pulasitiki. Kachitseko ndi pakamwa potulukira mphepo pukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo, kenako kouma. Musapale nkhungu youma ndi bulashi, mungoimwaza m'chipinda. Bokosi la zamagetsi nthawi zambiri limakhala kudzanja lamanja mukayang'anizana ndi makina, kumeneko kusafike dontho.

Fani yaitali ija ndi koyilo, mmene mwafotokozeramu, asiyireni mmisiri ulendo uno. Muuzeni kuti mukufuna sevisi yotsuka, achotse chikuto chonse, aphimbe zamagetsi, amangirire pulasitiki yolandira madzi, atsuke koyilo ndi mankhwala ake a koyilo, atsuke fani kapiko ndi kapiko, atsegule paipi. Inu mukhalepo. Madzi oyamba amatuluka akuda bii, asasiye mpaka ayere. Asanatseke, athire botolo la madzi pa koyilo inu mukaime panja muone ngati onse akutuluka. Aikenso levulo pamwamba pa makina, chifukwa akapendekera mbali yosiyana ndi kumene kuli paipi, madzi sadzatha m'kangalandemo ngakhale mutatsuka chotani. Wongobwera kudzapukuta mafyuluta n'kupopera perefyumu, ameneyo sanagwire ntchito.

Ikatsukidwa, chizolowezi chake n'chimodzi chachikulu: musamaizimitse ili yonyowa. M'mawa mukadzuka sinthani kuchoka pa Cool kupita pa Fan, izungulire theka la ola kapena ola lathunthu pamene mukusamba ndi kumwa tiyi, windo lili lotsegula kuti chinyonthocho chituluke. Pa Fan kompuresa, injini yopopa gasi imene ili m'chigawo cha panja, sigwira ntchito, mayunitsi amene amapita ndi ochepa zedi. Onaninso pa rimoti, makina ena ali ndi batani lolembedwa Self Clean, Auto Clean kapena X-Fan, limaumitsa lokha mukazimitsa. Magetsi akathima pakati pa usiku palibe chochita, koma akabwera kumbukani kuiumitsa. Mafyuluta muzitsuka pakatha masabata awiri aliwonse nthawi imene mukuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Za 16 zija, muwauze bambo mwaulemu kuti makina ambiri amatulutsa mphepo yozizira mofanana kaya mwaika 16 kaya 24. Nambalayo imangouza makina poti aime. Pa 16 saima, mayunitsi amathamanga, pulasitiki yapakamwa imazizira mpaka kuchita thukuta, ndipo timadontho takuda mwationa pa kachitseko tija timayambira pomwepo.

Achimwene a ku Durban

Zonse zimene anena a Wamafiriji ndi zoona, ine ndingowonjezera za kukula kwa makinawo. Ndimagwira ntchito yokonzakonza pa nyumba ina ya alendo kuno ku Durban, ndipo chinyontho cha kuno mu Januwale ndi Febuluwale, nsapato zachikopa zimamera nkhungu zili m'wadilopu. Chimene ndaona n'chakuti zipinda zimene zimativuta kwambiri ndi zazing'ono zomwe anaikamo makina aakulu.

Mwati 18000 BTU m'chipinda cha bedi ndi wadilopu. Imeneyo ndi ya pabalaza. Chipinda chotero 9000 imakwana, ikakula 12000. Makina aakulu amaziziritsa mpweya mwachangu n'kuima asanachotse chinyontho chokwanira, pakapita kanthawi ayambanso, aimanso. Chipinda chimazizira koma mashiti ukawagwira amamveka onyowa. A bambo amaika pa 16 mwina chifukwa pa 24 akumva kumata m'thupi, ndiye amaganiza kuti sikunazizire, pamene vuto ndi chinyontho.

Poti nyumba ndi ya eni, simungasinthe makina. Koma pa rimoti pali Dry, chizindikiro chake ndi kadontho ka madzi. Masiku a mvula, kunja kukakhala kosatentha kwambiri koma thupi likumata, gwiritsani imeneyo. Fani imayenda pang'onopang'ono, madzi ambiri amachoka mumpweya. Mukaika pa Cool, ikani 24 kapena 25, fani pa liwiro lotsika.

Mukapeza kachipangizo koyezera chinyontho, kotchedwa hygrometer, gulani, n'kakang'ono ngati wotchi ya patebulo ndipo kamayendera batire. Akatswiri a za mpweya wa m'nyumba amati chinyontho chizikhala pansi pa 60 peresenti. Kumbali ya nyanja nthawi ya dzinja n'zovuta kufika pamenepo tsiku lonse, koma kachipangizoko kadzakuonetsani chimene chikukweza nambala. Yanikani matewera ndi mayunifomu m'chipindamo muone. Siyani chitseko cha kubafa chotsegula mutasamba madzi otentha muone. Nyumba zathu zambiri kumudziko zilinso ndi mawindo a magalasi opingasa aja osatsekeka bwino, ndi mabowo a mpweya pamwamba pa khoma, ndiye makina akamagwira ntchito amalimbana ndi chinyontho cha Shire yense. Mipata ya m'mawindo tsekani pamene eyakoni yayaka, koma masana kukawala dzuwa chipinda chizitsegulidwa, chisamakhale chokhoma kuyambira m'mawa mpaka madzulo sabata yonse.

Kokaninso wadilopu muone kuseri kwake. Mwina si eyakoni yokha imene yagwidwa.

Anamwino, Lilongwe

Mayi, ine ndiyankhule za mwanayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 okhudza chinyontho ndi nkhungu m'nyumba, ndipo mfundo yake ndi yakuti anthu okhala m'nyumba zonyowa ndi za nkhungu amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika, ndiponso mphumu imawavuta pafupipafupi. Ndiye nkhawa yanu ili ndi mutu. Chimene ndingachite ine, mwanayo asagone m'chipindamo eyakoni ikuyaka mpaka itatsukidwa. Gwiritsani fani wamba ndi neti, kapena agone chipinda china. Tsiku lotsukalo akhale kwa aneba, abwere pansi patakolopedwa, zofunda zitasinthidwa.

Komanso musatsamire pa eyakoni yokha. Nyengo ino chimfine n'chambiri, malungo ndi ambiri. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo. Akamapuma mothamanga, m'chifuwa mukamalira, nthiti zikamalowa mkati popuma, kapena mankhwala opopera a mphumu aja akafunika pafupipafupi kuposa kale, musadikire mmisiri, pitani kuchipatala. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kwa mwana kapena wamkulu, chimafuna kuyezedwa TB.

Kwa ena amene mukuwerenga, samalani kwambiri ngati m'nyumba muli munthu amene anadwalapo TB, kapena amene chitetezo cha m'thupi n'chotsika. Pali mtundu wa nkhungu wotchedwa Aspergillus, wa banja limodzi ndi chuku chija timachiopa mu mtedza ndi chimanga, umene umatha kukhazikika m'mabowo amene TB inasiya m'mapapo. Munthu wotero asakhale iye wokwera pampando kukapukuta.

Make Tadala, Mangochi

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera ndi lipoti.

Ndinayamba ndi paipi ija. Imatsika kuseri kwa nyumba n'kuthera m'maluwa, ndipo kukamwa kwake kunali kutakwiririka m'dothi, mvula inakokolera matope pamenepo. Nditaifukula n'kutokosa ndi kawaya, kunatuluka chidothi cholimba, kenako madzi onanda, otuwa, onunkha fungo lomwe lija la m'chipinda. Anatuluka ambiri moti ndinadabwa kuti onsewa amakhala pati. Kuyambira pamenepo pakatani sipanadonthenso. Paipiyo ndaidula pang'ono kuti izilendewera m'mwamba, pansi ndaika chidebe chosaigunda, madziwo ndikuthirira maluwa.

Mmisiri anabwera Loweruka, ndi silinda yake kumene, a Wamafiriji munalosera. Ndinamuuza kuti silindayo itsale panjinga, ndikufuna kutsuka. Anayamba wanyinyirika, ati ntchito imeneyo ndi yaitali, koma tinagwirizana. Atachotsa chikuto, abale, fani ija sinkaonekanso kuti ndi ya pulasitiki. Madzi akuda anadzaza beseni. Ataika levulo anapeza kuti makinawo anaweramira kumanzere pamene paipi ili kumanja, chitsulo chogwirira kukhoma chinamasuka sikuluwu imodzi. Anakonza, tinathira botolo la madzi, ine ndili panja, onse anatuluka.

Achimwene a ku Durban, wadilopu ndinakoka. Khoma la kuseri kwake lachita mawanga obiriwira kuyambira pansi mpaka m'chiuno, chikwama changa cha ukwati chomwe chinali pansi pake ndiye chatheratu. Pamenepo ndatsuka ndi Jik wa a mjomba, payekha wopanda viniga, mwana ali kusukulu, ndipo wadilopuyo ndaisiya motalikirako ndi khoma. Zochapa tikuyanika pakhonde tsopano ngakhale zikuchedwa kuuma.

Mwana akugona pabalaza ndi fani kaye, kuyetsemula kwachepa, koma ndinapita nayebe kuchipatala monga ananenera anamwino, malungo sanamupeze nawo. Bambo ake avomera 24, ngakhale usiku wina ndinadzuka n'kupeza pa 20, nkhani imeneyo tikukambiranabe.

Funso latsala ndi la eni nyumba. Ndalama ya mmisiri ndalipira ndekha, iwo akuti kutsuka ndi udindo wa wokhalamo. Nanga penti yofufuma ija ndi khoma la kuseri kwa wadilopu? Komanso a Wamafiriji, mu Juni tikasiya kuyatsa, ndiiphimbe ndi pulasitiki kuti musalowe fumbi?

Wamafiriji, Ndirande

Pulasitiki ayi mayi, imatsekera chinyontho mkati, mudzaipeza mu Seputembala itamera kuposa poyamba. Tsiku lomaliza kuigwiritsa ntchito iyendetseni pa Fan maola angapo, tsiku louma la dzuwa, mutsuke mafyuluta, mubwezere atauma, basi. M'miyezi yozizirayo muziiyatsako pa Fan mwa apo ndi apo. Kukamwa kwa paipi mangani kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu, mavu asamange, koma muzikayang'ana chifukwa nakonso kamagwira zonanda. Sevisi yaikulu ipangidwe kutentha kusanayambe, chaka ndi chaka, ndipo kwanuko ndi mwana wa mphumu ine ndingawonjezere ina mvula ikamatha.

Za eni nyumba, mafyuluta ndi kutsuka ambiri amasiyira wokhalamo, pamenepo mwina musalimbane nawo. Koma chitsulo chomasuka kukhoma ndi paipi yothera m'dothi ndi maikidwe a makina, inu simunaike. Jambulani khomalo lero lomwe, mmisiri uja akulembereni pa lisiti zimene anapeza, muwatumizire pa WhatsApp kuti tsiku lotuluka m'nyumbamo asadzakuduleni dipoziti. Penti asathamangire kupaka, khoma liume kaye mvula ikatha, apale yofufumayo, apo ayi ifufumanso. La kuseri kwa wadilopulo, ngati mawanga akuyambira pansi kukwera m'mwamba, kaoneni panja ngati madzi a padenga sakuima m'mbali mwa maziko mbali imeneyo, chifukwa chinyontho chotero chimachokera pansi, eyakoni sichikhudza.